Galu Wathu Ankadya Chilichonse

Tsiku loyamba anadya chingwe cha nsapato. Tsiku lachiwiri anamaliza nsapato yeniyeniyo. Pofika kumapeto kwa mwezi tinali titataya masilipasi atatu, chaja ya foni, mthiko, kope la masamu la mwana wathu wa Sitandade 6, ngodya ya mkeka wa agogo ndi theka la sopo wochapira. Sopoyo sanangomutafuna ayi. Anamumeza, ndipo usiku wonse ankasanza thovu pakhonde.

Ambirife tikamaganiza zoweta galu timaona mlonda wa usiku ndi mnzawo wa ana. Za nsapato sitiganizako, ndipo ifenso sitinaganizeko. Khalidwe limeneli poyamba linkatiseketsa, kenako linayamba kutikwiyitsa, ndipo mapeto ake linatsala pang'ono kupha galu wathu. Linationetsanso zinthu zoopsa zimene zinkangokhala pansi m'nyumba mwathu, pafupi ndi manja a mwana wathu wazaka 3.

Mmene anafikira pakhomo pathu

Galuyu anali wa msuweni wa amayi a m'nyumba muno. Iye anasamukira m'nyumba ya lendi kumene eninyumba sankalola ziweto, choncho madzulo ena mu December anatulukira kwathu ku Chilomoni atanyamula katoni. M'katonimo munali kagalu kofiirira ka miyezi 4, makutu aakulu kuposa mutu wake.

"Asuweni, mukamukana ndikangomusiya kumsika, ndilibenso kolowera naye," anatero.

Ana anali atagwada kale mozungulira katoniyo. Bambo anavomera chifukwa mwezi womwewo akuba anali atatibera nkhuku ziwiri. Ana anamutcha Bingo. Agogo, amene amakhala nafe, anangomuyang'ana n'kunena kuti, "Mlendo uyu maso ake ndi anjala." Sabata isanathe anali atamupatsa dzina lawolawo: Mdyazonse. Tikadandaula za nsapato, iwo ankangoti, "Walira mvula walira matope."

N'chifukwa chiyani galu amatafuna zinthu?

Zimene tikudziwa lero tinazidziwa mochedwa. Kutafuna si mwano. Galu alibe manja, ndipo chilichonse chachilendo amachifufuza ndi mphuno ndi pakamwa, monga mmene khanda limaikira zonse m'kamwa. Mwana wa galu amakhala ndi mano 28 aubwana. Akafika miyezi 3 kapena 4 manowa amayamba kuguluka, ndipo pofika miyezi 6 kapena 7 amakhala atamera mano 42 aukulu. M'miyezi imeneyi nkhama zimayabwa ndi kupweteka, ndipo kutafuna kumamuthandiza. Bingo anafika kwathu nthawi yomweyo imene manowa ankasintha.

Koma mano si chifukwa chokhacho. Galu wosowa chochita amadzipezera yekha ntchito. Galu wosiyidwa yekha nthawi yaitali amada nkhawa, ndipo amafuna zinthu zimene zili ndi fungo la eni ake. N'chifukwa chake amasankha nsapato, masokosi ndi zovala zam'kati, osati mwala umene uli pambali pake. Galu wanjala, wosadya zakudya zokwanira kapena wodzaza ndi njoka zam'mimba amatola chilichonse. Palinso agalu amene amameza zinthu zosadyedwa monga miyala, dothi, makala ndi mapulasitiki. Ameneyo afunika kupimidwa, chifukwa nthawi zina khalidweli limabwera ndi kuchepa kwa magazi kapena matenda a m'mimba.

Tikayang'ana m'mbuyo, Bingo anali ndi pafupifupi zifukwa zonsezi. Tinaonanso kuti tsiku limene ankawononga kwambiri linali Sabata. Tinkachoka m'mawa banja lonse n'kubwerera dzuwa litapendeka, iye ali yekha kumpanda popanda chomutangwanitsa. Sabata lina tinapeza atakoka neti yoteteza udzudzu pachingwe choyanikira n'kuisandutsa zidutswa.

Zimene tinalakwitsa

Choyamba, tinkamumenya. Bambo akapeza silipasi yotafunidwa ankamuitana, kumuonetsa silipasiyo, n'kumukwapula nayo. Bingo ankagwetsa makutu, kupinda mchira ndi kuyang'ana kumbali, ndipo ife tinkati, "Mwaona, akudziwa kuti walakwa." Mawa lake ankatafunanso ina.

Nkhope imeneyo si ya wolapa. Mu 2009, Alexandra Horowitz, wofufuza za khalidwe la agalu ku Barnard College mumzinda wa New York, anayesa nkhaniyi. Eni agalu ankaletsa galu wawo kudya kachakudya kenakake n'kutuluka m'chipinda. Pobwerera, ena ankauzidwa kuti galuyo wadya pamene sanadye. Agalu amene anakalipiridwa ankaonetsa nkhope yooneka ngati ya wolakwa, kaya anadya kaya sanadye. Galu amangoona kuti mbuye wake wakwiya, ndipo amayesa kumuziziritsa mtima. Sangagwirizanitse chikwapu cha madzulo ndi nsapato imene anatafuna m'mawa. Chimene Bingo anaphunzira pa kumenyedwako n'chakuti akatola chinthu azithawa nacho, ndipo akaona munthu akubwera azichimeza msanga. Phunziro limeneli ndi limene linadzatsala pang'ono kumupha.

Chachiwiri, tinamumanga pa tcheni pamtengo wa mango tsiku lonse. Anakhadzula makungwa a mtengowo, ankauwa mpaka anansi kudandaula, ndipo tikamumasula ankathamanga ngati wopenga n'kugwira chilichonse chimene wapeza.

Chachitatu, tinamupatsa nsapato yakutha kuti azitafuna imeneyo. Galu sasiyanitsa nsapato yakutha ndi nsapato yatsopano. Tinamuphunzitsa tokha kuti nsapato n'zotafuna.

Chachinayi, tinkamudyetsa kamodzi patsiku, usiku, ndipo chakudya chake chinali mkute ndi makoko a mumphika othira msuzi wotsala. Monga mabanja ambiri owerenga magazini ino, ife sitiphika nyama kawirikawiri, choncho m'mbale yake simunkapezeka chomanga thupi. Kagalu kamene kakukula kankagona ndi njala ife tikuganiza kuti tikukadyetsa.

Chitsononkho

Mu March mondokwa anacha. Lachisanu lina tinaphika mphika wodzaza, ana anadya mpaka kukhuta, ndipo zitsononkho zinatayidwa kudzala kuseri kwa nyumba. Lamlungu m'mawa Bingo anasanza. Sitinadabwe, poti kusanza kunali kozolowereka kwa iye. Madzulo anakana chakudya, chinthu chimene anali asanachitepo. Lolemba ankamwa madzi n'kuwabweza nthawi yomweyo. Mnansi wina anatiuza kuti timumwetse mafuta ophikira kuti chimene chatsekacho chitereke. Tinamumwetsa, ndipo anasanza kwambiri.

Lachiwiri m'mawa tinamupeza atagoneka chifuwa pansi, miyendo yakutsogolo atatambasula, kumbuyo atakweza. Ana anaganiza kuti akufuna kusewera, koma mchira sunkagwedezeka. Galu amaima choncho m'mimba mukamamupweteka kwambiri. Tinamukulunga m'chitenje n'kupita naye kwa dokotala wa ziweto.

Adokotala anakanikiza mimba yake pang'onopang'ono, n'kufunsa kuti, "Bambo, kwanu mwadya chimanga chachiwisi masiku apitawa?"

Anatifotokozera kuti chitsononkho sichigayika m'mimba mwa galu. Chimanunkhira chakudya, choncho galu amachimeza m'zidutswa zikuluzikulu. Chidutswacho chimatha kutuluka m'chifu, koma chikafika m'matumbo aang'ono chimatseka njira ngati chotsekera botolo. Chakudya ndi madzi sizidutsanso, magazi amasiya kuyenda bwino pamalopo, ndipo khoma la thumbo limayamba kufa. Likaboola, zonyansa zimakhuthukira m'mimba monse ndipo galu amafa ndi ululu waukulu. Mafuta ophikira sangachisunthe, ndipo galu wosanza akawamwa mokakamizidwa akhoza kulowa m'mapapo. Panafunika opaleshoni tsiku lomwelo.

Mtengo umene anatchula unali wofanana ndi ndalama zimene tinali titasunga kwa miyezi ingapo kuti tigule malata a khitchini yathu yodontha. Tinapempha maola awiri kuti tikakambirane kunyumba.

Kukambiranako sikunali kophweka. Bambo anati, "Ndalama zonsezi pa galu? Anthu akamva adzatiseka. Agalu ndi ambiri, tikhoza kupeza wina." Amayi anali chete, chifukwa ndi iwo amene amaphika pansi pa denga lodonthalo. Kenako mwana wathu wamkulu, wa kope la masamu uja, analankhula misozi ili m'maso. "Adadi, zitsononkho zija ndinataya ndine. Amayi anandiuza kuti ndikwirire, koma ndinaiwala."

Agogo, amene sanamukondepo galuyu, ndi amene anamaliza nkhani. "Mwanawe, chiweto sichipempha kubwera pakhomo. Munachilandira nokha. Mvula yatsala pang'ono kusiya, denga lidikira. Ndipo mdzukulu wangayu asakule akuganiza kuti anapha galu."

Sitikunena kuti banja lililonse liyenera kusankha monga tinasankhira ife. Pali makomo amene ndalama zotere kulibiretu, ndipo zikatero chifundo chimene chatsala ndi kupempha dokotala kuti amugonetse galuyo mosamva ululu, osati kumusiya kuti afe pang'onopang'ono kuseri kwa nyumba. Ife tinali nazo, ndipo tinalipira. Madzulo adokotala anatipatsa kabotolo. M'kati mwake munali chidutswa cha chitsononkho chotalika ngati chala chachikulu cha munthu wamkulu. Anati tikanachedwa tsiku lina limodzi akanadula mbali ya thumbo, mwinanso sakanamupulumutsa.

Zinthu zoopsa zimene zili m'nyumba zathu

Bingo akuchira, tinayendera nyumba yonse ndi bwalo titawerama, kuyang'ana zinthu pa msinkhu wa galu. Tinachita mantha titazindikira kuti msinkhu umenewo ndi womwewonso wa mwana wathu wamng'ono. Pansi pa bedi la agogo panali kapepala ka mapilitsi a BP. Kuseri kwa matumba a chimanga kunali mankhwala a makoswe pa kachivindikiro. Botolo la palafini linali pansi, ndipo linali botolo la chakumwa chozizilitsa kukhosi. Nazi zinthu zimene banja lililonse loweta galu liyenera kuzidziwa.

Zotseka matumbo: zitsononkho, nthangala za mango ndi za mapeyala, masokosi, zidutswa za masilipasi, majumbo, zotsekera mabotolo, miyala, matewera a ana. Ulusi, zingwe ndi nsalu zazitali n'zoopsa mwapadera, chifukwa zimakwinya matumbo ndi kuwacheka.

Mafupa ophika: makamaka a nkhuku. Amathetheka n'kukhala akuthwa, ndipo akhoza kubaya kukhosi kapena m'matumbo.

Anyezi ndi adyo: kaya ziwisi kaya zophika, zimawononga maselo ofiira a magazi a galu. Pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku zimaunjikana. Msuzi wa ndiwo zathu pafupifupi nthawi zonse umakhala ndi anyezi.

Chokoleti: chili ndi mankhwala otchedwa theobromine amene thupi la galu limachedwa kuwachotsa. Chikakhala chakuda kwambiri chimakhalanso choopsa kwambiri.

Mphesa, zaziwisi ndi zouma zomwe: zikhoza kuwononga impso, ngakhale zitakhala zochepa. Kumbukirani kuti mphesa zouma zimapezeka m'makeke ndi m'mabanzi ena.

Mtedza wa makademiya: umalimidwa kwambiri ku Thyolo ndi madera ena a dziko lino. Galu akadya amafooka miyendo yakumbuyo, amanjenjemera ndi kusanza.

Xylitol: chotsekemeretsa chimene chimapezeka m'chingamu china chopanda shuga ndi m'mankhwala ena otsukira mano. Chimatsitsa shuga wa m'magazi a galu mwadzidzidzi ndipo chikhoza kuwononga chiwindi.

Mankhwala a anthu: Panado, Brufen, mapilitsi a BP ndi a shuga. Musamupatse galu mankhwala a anthu popanda kuuzidwa ndi dokotala wa ziweto.

Mankhwala a makoswe ndi a tizilombo: ena, monga timibulu takuda timene ambiri amatitcha tameki, amagwira mwamsanga, galu amachucha dovu, amanjenjemera ndi kukomoka. Ena amalepheretsa magazi kuundana, ndipo zizindikiro zake zimaoneka patapita masiku 3 mpaka 5: kufooka, nkhama zoyera, kupuma movutikira, magazi m'chimbudzi. Galu akhozanso kudwala atadya khoswe wofa ndi mankhwalawa. Mankhwala osungira chimanga, opopera m'dimba ndi feteleza azikhala pamalo otsekedwa.

Zakudya za chuku: madeya kapena chimanga chonyowa chimamera nkhungu imene imapanga poizoni wotchedwa aflatoxin, wowononga chiwindi. Kuphika sikumuthetsa. Mu August 2024 boma la Zambia linalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya zakudya za chimanga chokhala ndi poizoni ameneyu. Ufa umene mukukayikira kudya inuyo musaupereke kwa galu. Ndipo agalu a pakhomo akayamba kudwala chikasu, dzifunseni za chimanga chimene banja lonse likudya.

Akameza chinthu choopsa

Musadikire monga tinachitira ife. Pitani kwa dokotala wa ziweto kapena kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu tsiku lomwelo mukaona galu akusanza mobwerezabwereza, akukana chakudya, akukanika kuchita chimbudzi, mimba yatupa kapena ikumupweteka mukaigwira, nkhama zayera, akunjenjemera kapena akudzandira. Ngati mwamuona akumeza poizoni, musadikire n'komwe zizindikiro. Tengani paketi kapena botolo la chimene wadyacho, ndipo kumbukirani nthawi imene anadya.

Musamumwetse mafuta, mkaka kapena madzi amchere. Mchere wambiri paokha ndi poizoni kwa galu. Musamusanzitse ngati wameza palafini, mankhwala oyeretsera, batire kapena chinthu chakuthwa, chifukwa pobwerera chimavulazanso kukhosi. Mukaona ulusi kapena chingwe chikulendewera kukamwa kapena kumbuyo, musachikoke. Ndipo samalani manja anu, popeza galu amene akumva ululu amaluma ngakhale mbuye wake.

Zimene tinasintha

Tinayamba ndi ife eni. Nsapato zonse zinalowa m'nyumba, pa shelefu. Mankhwala anapita m'kabati yokhala ndi loko. Dzala tinalitchingira ndi mpanda wa nsungwi, ndipo zinyalala za m'khitchini zimadikira m'chidebe chovindikira. Chinthu chimene galu sangachifikire sangachitafune, ndipo tsiku lililonse limene sanatafune nsapato chizolowezicho chimacheperako.

Kenako chakudya. Mwana wa galu amafunika kudya katatu patsiku mpaka miyezi 6, ndipo akakula kawiri. Timamuphikira phala lolimba la mgaiwa lothira usipa wopanda mchere, masiku ena dzira lowiritsa kapena soya wophika bwino, ndi maungu kapena masamba pang'ono. Anyezi, mchere ndi tsabola siziloledwa mumphika wake. Madzi abwino amakhalapo nthawi zonse. Mankhwala a njoka zam'mimba amamwa miyezi 3 iliyonse.

Tinamupatsa zakezake zotafuna: chingwe chochindikala chomanga mfundo, chidole cha labala wolimba chachikulu moti sangachimeze, ndi karoti wamuwisi. Adokotala anatiuza kuti chinthu cholimba kwambiri moti chikhadabo sichingachidinde chikhoza kumuthyola dzino. Chingwe chikayamba kusosoka timachichotsa. Sitimupatsa zonse nthawi imodzi. Timasinthasintha kuti zisamukole.

Tinamuphunzitsa mawu amodzi: "Siya." Akagwira chinthu, sitimuthamangitsanso. Timamuonetsa kachidutswa ka chakudya, timati "siya", ndipo akatsegula pakamwa timamupatsa chakudyacho ndi kumuyamikira. Tinayamba ndi chingwe chake chomwe, tikumubwezera akasiya, kuti adziwe kuti kusiya chinthu si kuluza. Mphindi 5 m'mawa, mphindi 5 madzulo. Patatha milungu itatu anayamba kulavula chinthu akangomva mawuwo. M'mera mpoyamba, koma ngakhale galu wamkulu amaphunzira ngati onse pakhomo akunena mawu ofanana.

Tcheni tinachichotsa. Tinamumangira khola lalikulu, lamthunzi, limene amakhalamo tikachoka. M'mawa uliwonse bambo amayenda naye kwa theka la ola, ndipo madzulo ana amamuponyera mpira. Galu wotopa amagona. Loweruka m'mawa, tisananyamuke, amayenda kaye, amadya, ndipo timamusiyira chidole chake titachidzaza ndi phala. Masana mmodzi wa ife amabwerera kudzamuona. Phindu lina sitinaliyembekezere: bambo, amene kuchipatala anawalangiza kalekale kuti aziyenda chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, tsopano sajomba, poti pali wina amene amawadikira pakhomo 5 koloko ikangokwana.

Galu ndi thanzi la ana

Galu wotola zinthu m'madzala amabweretsa kunyumba zimene watolazo. Njoka zam'mimba za agalu zimaikira mazira amene amatuluka ndi chimbudzi, ndipo mazirawo amatenga milungu 2 mpaka 4 ali m'dothi kuti akhwime. Mwana wosewera padothipo akaika zala m'kamwa akhoza kuwameza, ndipo nthawi zina tizilomboti timafika m'chiwindi kapena m'diso. Kuchotsa chimbudzi cha galu tsiku lililonse kumadula njira imeneyi mazirawo asanakhwime. Ana azisamba m'manja ndi sopo akasewera ndi galu, ndipo galu asanyambite nkhope zawo kapena mbale za anthu.

Tinaikanso lamulo lakuti mwana asalande chinthu m'kamwa mwa galu, asamuyandikire akamadya, ndipo wamng'onoyo asatsale yekha ndi galu. Ana ambiri amalumidwa ndi galu wa pakhomo pawo pomwe pamene akufuna kupulumutsa chidole chawo. Aziitana munthu wamkulu.

Nkhani yaikulu kuposa zonse ndi chiwewe. Bungwe la World Health Organization limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi 4 mwa 10 alionse ndi ana osakwana zaka 15. Pafupifupi onse amawatenga kwa agalu. Zizindikiro zikangoyamba, munthu sachira. Koma katemera amateteza. Galu alandire katemera akakwanitsa miyezi 3, kenako chaka chilichonse, ndipo chiphaso chake musunge. Agalu 7 mwa 10 alionse m'dera akalandira katemera, matendawa amasiya kufala. Kuno ku Blantyre bungwe la Mission Rabies linayamba kupereka katemera wa agalu mu 2015, ndipo m'chaka choyambacho agalu oposa 35,000 analandira. Pa 28 September chaka chilichonse dziko lonse lapansi limakumbukira za matendawa.

Chiwewe chikukhudzana ndi nkhani yathu motere: galu wa chiwewe nthawi zina amayamba kutafuna ndi kumeza timitengo, miyala ndi dothi. Kagalu kamene kakhala kakutafuna zinthu kuyambira kale, kakudya bwino ndi kusewera, n'kosiyana ndi galu amene wasintha mwadzidzidzi, akuchucha dovu, akuluma chilichonse, mawu asintha kapena nsagwada yalendewera. Galu wotereyu musamupise dzanja m'kamwa poganiza kuti fupa lamutsamwa. Mutsekereni ndipo itanani a zaziweto. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala litakhala laling'ono.

Musanalandire galu

Ife tinalandira Bingo m'mphindi 10, chifukwa cha maso a ana ndi nkhuku ziwiri. Bwenzi titadzifunsa kaye mafunso angapo. Kodi tingakwanitse kumudyetsa kawiri patsiku kwa zaka 10 kapena kuposerapo? Ndani adzayenda naye? Pakhomo pakakhala palibe munthu tsiku lonse, adzakhala kuti? Kodi eninyumba akulola? Akadwala, ndalama zidzachokera kuti? Funsaninso kumene akuchokera ngati analandira katemera wa chiwewe ndi wa matenda ena a ana agalu, ngati anamwa mankhwala a njoka, ndiponso zimene amakonda kuwononga. Mabungwe osamalira nyama monga LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre amasunga agalu osowa eni, ndipo kumeneko mukhoza kupeza galu wamkulu amene anadutsa kale msinkhu wosintha mano. Kwa banja lotanganidwa, galu wamkulu wofatsa nthawi zambiri ndi wosavuta kuposa kagalu.

Bingo tsopano ali ndi chaka ndi theka. Sanasanduke mngelo. Mwezi watha anaba sokosi pachingwe, koma mwana wathu wamng'ono atakuwa ali pakhonde kuti "Siya!", anailavula n'kukhala pansi kudikira malipiro ake. Malata a khitchini tinagula mochedwa, mvula yoyamba itagwa kale. Nkhuku sizinabedwenso. Agogo amamutchabe Mdyazonse, koma masana amagona pafupi ndi mkeka wawo wodyeka ngodya uja, ndipo tawaonapo akumuponyera karoti poganiza kuti palibe akuwaona.

Kabotolo kaja kali pamwamba pa kabati mpaka lero. Mondokwa akacha, mwana wathu wamkulu amawerenga chimanga chisanalowe mumphika, ndipo tikatha kudya amawerenganso zitsononkho asanaziponye pamoto. Lachisanu lapitali tinaphika 12. Anapeza 11, ndipo palibe anadzuka pamkeka mpaka chotsalacho chitapezeka m'thumba la kabudula wa mng'ono wake.